Funsani Aphunzitsi: Nyemba Zokana Kupsa, Simenti Yofunda ndi Fumbi la M'chigayo

Makalata a mwezi uno ndawasankha dala. Olemba ake sadziwana, wina ali kukhitchini, wina pa ntchito yomanga, wina m'kalasi, koma onse akuzungulira nkhani imodzi: n'chiyani chimachititsa kuti zinthu zina zisinthe m'kanthawi kochepa pamene zina zimatenga zaka, nanga kutentha kumene timamva zinthu zikamasintha kumachokera kuti? Ndinaphunzitsa kemisitiri kusekondale mpaka kupuma pa ntchito, ndipo mutu umenewu ana ankauloweza bwino koma osaumvetsa.

Aphunzitsi, ndinakulira ku Nsanje koma ndinakwatiwa ku Dedza. Kwathu nyemba ndikatereka m'mawa, pofika 11 koloko zimakhala zitapsa. Kuno ndimasonkhezera mpaka nkhuni kutha, nyemba zili gwa. Apongozi akuti ndizithira soda, anzanga akuti vuto ndi madzi a kuno, ndipo amuna anga ayamba kunena kuti sindidziwa kuphika.
*Mayi wa ku Dedza*

Amayi, bambo a kunyumbako muwauze kuti mlandu si wanu, ndi wa phiri.

Nyemba ikamapsa, madzi otentha amakhala akumasula chinthu chotchedwa pectin chimene chimamata maselo a nyembayo, kwinaku akufufumitsa sitachi wa m'kati. Ntchitoyi imagwiridwa ndi mamolekyu, tinthu tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso. Mamolekyu sakhala phee. Amayenda, amanjenjemera, amagundana nthawi zonse, koma kugundana kochuluka kumapita pachabe chifukwa kumakhala kofooka. Kumene kumasintha chinthu ndi kuja kwa mphamvu yokwanira kudula zimene zagwirana. Mukawonjezera kutentha pang'ono, chiwerengero cha mamolekyu okhala ndi mphamvu yokwanirayo chimakwera kwambiri, kuposa mmene munthu angaganizire. Svante Arrhenius wa ku Sweden analemba masamu a zimenezi mu 1889, ndipo a kemisitiri ali ndi kalamulo kongoyerekezera kakuti zinthu zambiri zimafulumira kawiri kutentha kukakwera ndi madigiri 10.

Tsono nayi nkhani yanu. Madzi akangoyamba kuwira, kutentha kwake sikukweranso, kaya musonkhezere ngolo yonse ya nkhuni. Moto wowonjezerawo umangopanga nthunzi. Ndipo mlingo umene madzi amawirira umadalira mpweya umene ukukanikiza pamwamba pa mphika. Ku Nsanje muli pansi, mamita osakwana 100 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 100. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mpweya ndi wopepuka, ndipo madzi amawira pa madigiri 95 kapena kucheperako pang'ono. M'maso mphika ukubwata chimodzimodzi, koma nyemba zanu zikuphikidwa m'madzi ozizirirapo. Tikatsata kalamulo kaja, madigiri 5 amenewo akhoza kusandutsa maola awiri kukhala pafupifupi atatu.

Anzanu nawonso sanalakwe kwenikweni. Madzi ena a pa mjigo amakhala ndi calcium wambiri, ndipo calcium amalimbitsa pectin uja. Nyemba zimene zakhalitsa m'thumba pamalo otentha ndi a chinyezi nazo zimakanika kupsa kulikonse, ngakhale ku Nsanje komweko. Chinanso chimene ndimaona kawirikawiri: kuthira tomato nyemba zisanafewe. Tomato ali ndi asidi, ndipo asidi amachedwetsa kufewa. Tomato adikire.

Za soda, apongozi akunena zoona. Soda, ngati chidulo cha phulusa chimene timathira ku therere, amachititsa pectin kumasuka msanga. Koma amawononganso vitamini B1, ndipo mukachulutsa nyemba zimamveka sopo m'kamwa. Ine ndikanakonda muyambe ndi zaulere: viikani nyemba usiku wonse, vindikirani mphika bwino, ndipo madzi akaphwa muwonjezere otentha, osati ozizira a mumtsuko. Moto ukhale wongokwanira kuti madzi aziwira. Ngati tsiku lina ndalama ipezeka, pressure cooker imatsekera nthunzi m'kati ndipo madzi amafika madigiri pafupifupi 120. Pamenepo nyemba zoviika zimapsa ola lisanakwane, ndipo kwa munthu wa ku Dedza mphika umenewu umabweza ndalama zake pa nkhuni zokha.

Aphunzitsi, ndili Fomu 4 ndipo chaka chino ndikulemba MSCE. M'kope tinalemba kuti kuyaka kwa makala ndi exothermic, kumatulutsa kutentha. Ndiye n'chifukwa chiyani tiyenera kuyamba tawapatsa moto? Bwanji thumba la makala siliyaka lokha, poti mpweya ulipo? Komanso kodi reaction (kusintha kwa zinthu) yotulutsa kutentha kwambiri ndiye yofulumira kwambiri?
*Wophunzira wa ku Mchinji*

Mwana wanga, funso lakoli ndi limene ndinkalakalaka kumva m'kalasi. Wagundika pamalo oyenera. Pali mafunso awiri osiyana amene anthu amawaphatikiza. Loyamba: zinthu zikatha kusintha, mphamvu yatuluka kapena yalowa, ndipo yochuluka bwanji? Lachiwiri: kusinthako kukuchitika mofulumira bwanji? Yankho la loyamba silikuuza kalikonse za lachiwiri.

Tiyambe ndi loyamba. Maatomu a kaboni m'khala ndi ogwirana okhaokha, ndipo okosijeni wa mumpweya amayenda awiriawiri, nawonso ogwirana. Kuti pakhale carbon dioxide, mabondi akalewo, kutanthauza kugwirana kwa maatomu kuja, ayenera kuduka kaye, kenako atsopano apangidwe. Kudula bondi kumadya mphamvu. Kupanga bondi kumatulutsa mphamvu. Ziganizo ziwirizi uzilembe pachikuto cha kope lako, chifukwa ana ambiri amazitembenuza pa mayeso n'kulemba kuti mphamvu imatuluka bondi ikaduka, ndipo malikisi amathera pomwepo. Ngati yotuluka popanga mabondi atsopano iposa yodyedwa podula akale, yotsalayo ndiyo imakuwotcha manja pa mbaula. Magalamu 12 a kaboni akayaka bwinobwino amatulutsa makilojulo 394 (kilojulo ndi muyeso wa mphamvu). Kuti lita imodzi ya madzi ichoke pa madigiri 25 kufika pa 100 pamafunika makilojulo 314 okha. Ndiye kuti kakhala kamodzi kokwana m'chikhatho kali ndi mphamvu yofikitsa lita ya madzi powira. Ukaona mmene timathirira makala pa mbaula kuti tiwiritse tiyi, udziwa kuchuluka kwa kutentha kumene kumangothawira m'mbali.

Tsopano thumba lako. Taganiza za munthu wa njinga yodzaza matumba a makala amene akupita kutauni, ndipo msika uli kumunsi kwenikweni. Ulendo wonse ndi wotsetsereka, koma atangochoka pakhomo pali chitunda. Akapanda kukankha njingayo mpaka pamwamba pa chitundacho safika ku msika, ngakhale msikawo uli pansi kuposa kwawo. Chitunda chimenecho ndiye activation energy, mphamvu yoyamba yodulira mabondi akale. Pa kutentha kwa masiku onse, okosijeni amagunda makala a m'thumba usana ndi usiku, koma palibe amene ali ndi mphamvu yofika pamwamba. Machesi ndi pepala zimakankha maatomu oyambirira. Amenewo akatsetsereka amatulutsa kutentha kokwanira kukankha anzawo, anzawonso n'kukankha ena, ndipo moto umadzisamala wokha. Pojambula graph pa mayeso, chitundacho chioneke bwino, mzere wa zotsatira ukhale pansi pa mzere wa zoyambira, ndipo mivi iwiri, wa activation energy ndi wa kusintha kwa mphamvu, yonse iyambire pa mzere wa zoyambira.

Funso lako lomaliza yankho lake ndi ayi. Dzimbiri pa malata ndi chitsulo chimene chikugwirizana ndi okosijeni, ndipo kutentha kumatuluka kochuluka ndithu, koma kumatuluka pang'onopang'ono kwa zaka zambiri mwakuti palibe amene amakumva. Mbali inayi, tapa feteleza wa urea wodzaza dzanja, uthire m'kapu ya madzi, utakase ndi kamtengo, ugwire kapuyo. M'mphindi yomweyo izizira ngati yachokera mufiriji, chifukwa urea posungunuka amayamwa kutentha kwa madziwo. Chotulutsa kutentha chachedwa zaka, choyamwa kutentha chatha m'mphindi. (Kapu imeneyo usamwerenso usanaitsuke bwino.)

Ngati kusukulu kwanu kulibe marble chips (timiyala ta mabo) ndi asidi zoyesera kufulumira kwa reaction, usadandaule. Tenga zikamba za mazira ndi viniga. Kapu ina uikemo chikamba chathunthu, ina chosinja. Kapu ina viniga wofunda, ina wozizira. Ina viniga wosungunula ndi madzi. Uyang'ane kumene thovu likutuluka msanga. Zonse zimene silabasi ikufuna uziona ndi maso ako.

Chenjezo limodzi, makamaka la nyengo yozizira ya mu June. Makala akasowa okosijeni wokwanira satulutsa carbon dioxide yekha, amatulutsanso carbon monoxide. Magalamu 12 omwe aja amangopereka makilojulo 111, ndipo mpweya wotulukawo ulibe fungo kapena mtundu koma umapha munthu ali m'tulo. Usawerengere mayeso ndi mbaula m'chipinda chotseka.

Aphunzitsi, ndimagulitsa thobwa pa depoti. Ndikaphika ndekha limatsekemera ngakhale shuga ndithire pang'ono. Akaphika mwana wanga limakhala lolimba, losatsekemera, pamene ufa ndi chimera n'zomwezo. Ndaona kuti iye amathira chimera phala lili pamoto.
*Mayi wa geni, Balaka*

Amayi, yankho mwalipeza kale nokha. Mawere kapena mapira akamamera amapanga enzyme yotchedwa amylase, imene ntchito yake ndi kuduladula sitachi kuti akhale shuga wodyetsa kambewu kakang'onoko. Mukaumitsa ndi kusinja chimera, enzyme ija imakhalamobe, ikungodikira. Mukaithira m'phala lofunda imayamba kudula sitachi wa chimanga, ndipo n'chifukwa chake phala lolimba limasungunuka mukuona n'kuyamba kutsekemera. Sitachi payekha m'madzi akhoza kukhala nthawi yaitali osasanduka shuga. Amylase ndi catalyst: imapezera mamolekyu njira ya chitunda chachifupi, ndipo iyo siitha, ikamaliza apa imakagwira pena. N'chifukwa chake chimera chochepa chimakwanira ndowa yonse.

Koma apa lamulo lakuti kutentha kumafulumizitsa zinthu lili ndi malire. Enzyme ndi puloteni, ndipo puloteni ikatentha kwambiri imapindika osabwereranso, monga mmene dzira lophika silibwerera kukhala laliwisi. Amylase ya m'chimera imagwira bwino phala likakhala pa madigiri a m'ma 60, ndipo m'phala lobwata imafa nthawi yomweyo. Mwana wanu akupha wantchito asanagwire ntchito. Aziphula phala, alitakase mpaka nthunzi yamphamvu ithe, athire chimera, avindikire, alipatse nthawi. Kuwiritsanso kubwere pambuyo.

Ndipo poti muli ku Balaka, mukudziwa kale kuti mu October thobwa la m'mawa limasasa dzuwa lisanapendeke, pamene mu July limagona. Tizilombo tosandutsa shuga kukhala asidi nato timafulumira kukatentha. Zigubu muziika pamthunzi, zokutidwa ndi chiguduli chonyowa.

Aphunzitsi, ndine mmisiri womanga nyumba. Tinathira silabu masana, ndipo usiku nditagwira ndinapeza ikufunda ngakhale kunja kunali kuzizira. Kenako akapitawo akuti tizithira madzi sabata yonse. Tikufuna iume, ndiye tikuinyowetseranji?
*Mmisiri wa ku Area 25, Lilongwe*

Achimwene, akapitawo anu akudziwa ntchito. Simenti siilimba chifukwa chouma ngati dothi la njerwa zosawotcha. Imalimba chifukwa madzi amalowa m'thupi mwake n'kupanga chinthu chatsopano, timakristalo tolukanalukana timene timagwira mchenga ndi miyala. N'chifukwa chake konkire imalimba ngakhale pansi pa madzi. Mabondi atsopano akamapangidwa kutentha kumatuluka, ndipo n'kumene munakumva m'manja usiku uja.

Kusinthaku kumathamanga masiku oyamba kenako n'kumachedwa. Pakatha masiku 7 konkire imakhala itafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yake, ndipo mainjiniya amayeza mphamvu yake pa masiku 28. Dzuwa ndi mphepo zikalanda madzi pa tsiku lachiwiri, ntchito imaimira pomwepo: pamwamba pamachita ming'alu, ndipo mukakanda ndi msomali pamatuluka fumbi. Ndimadandaula ndikaona anthu akuumba mabuloko a simenti n'kuwayanika padzuwa ngati makaka, mawa lake n'kugulitsa. Buloko lotero limaphwanyika potsitsa mu lole. Yalani matumba kapena udzu pamwamba pa silabu, muzinyowetsa m'mawa ndi madzulo. Koma musasokoneze ndi kuchulutsa madzi posakaniza. Madzi ochuluka pa nthawi imeneyo amasiya timabowo m'kati ndipo konkire imafooka.

Pa silabu ya nyumba kufundako sikuvuta. Pa chimango chachikulu ndi nkhani ina. Pomanga damu la Hoover pa mtsinje wa Colorado ku America, pakati pa 1931 ndi 1936, anawerengera kuti akathira konkire yonse pakamodzi idzatenga zaka zopitirira 100 kuti izizire, ndipo idzang'ambika. Anathira m'zigawozigawo, n'kuyala m'kati mwake mapaipi otalika makilomita opitirira 900 oyendamo madzi ozizira.

Kanthu kena kakang'ono: shuga amachedwetsa simenti kugwira. Ndowa imene munali zotsekemera muitsuke musanatungire madzi osakanizira.

Aphunzitsi, ndili ndi chigayo cha dizilo. Mlamu wanga akuti fumbi la ufa likhoza kuphulika ngati bomba. Ine ndikuti akunama, chifukwa ufa ukatayikira pamoto umangozimitsa.
*Mwini chigayo, Mponela*

Bambo, mlamu wanu wapambana. Mulu wa ufa umazimitsa moto chifukwa okosijeni amangofika pamwamba pokha. Ufa womwewo ukamwazika mumpweya, kanjere kalikonse kamazunguliridwa ndi okosijeni mbali zonse, ndipo moto umalumpha kuchoka pa kena kupita pa kena m'kuphethira kwa diso. Mphamvu yotuluka ndi yomweyo, kusiyana kwake n'kwakuti imatuluka yonse pakamodzi. Mu 1878 chigayo chachikulu cha tirigu cha Washburn mumzinda wa Minneapolis ku America chinaphulika motero ndipo anthu 18 anafa. Chigayo chanu n'chaching'ono ndipo mwina chitseko chimakhala chotsekula, choncho ngozi ndi yochepa, koma si yoti kulibe. Sesani fumbi la pamitanda ndi pamwamba pa makoma, musalole wosuta fodya m'kati, mawaya a magetsi asakhale pamtunda, ndipo musawotcherere chitsulo m'nyumbamo fumbi lili kobo.

Aphunzitsi, pa wailesi ndinamva kuti feteleza amapangidwa kuchokera ku mpweya. Ngati zili zoona, n'chifukwa chiyani akudula chonchi, poti mpweya ndi waulere? Komanso ndimasunga matumba m'nyumba yogona. Sangaphulike ngati zija zinachitika ku Beirut?
*Mlimi wa ku Kasungu*

Bambo, wailesi sinaname. Pa magawo 100 a mpweya umene tikupumawu, 78 ndi naitirojeni, chakudya chimene chimanga chanu chimalira masamba akayamba chikasu. Munda wanu wonse wafunda naitirojeni, koma chimanga sichingamudye. Maatomu ake amayenda awiriawiri atagwirana ndi mabondi atatu, ndipo kuwalekanitsa kumafuna mphamvu yoopsa, makilojulo pafupifupi 945 pa magalamu 28 alionse. Nyemba, soya, nandolo ndi mtedza zili ndi mwayi: m'timaphundu ta mizu yake mumakhala mabakiteriya okhala ndi enzyme yodula mabondi amenewa mwakachetechete, pa kutentha kwa m'nthaka.

Munthu anachedwa kuipeza njira. Fritz Haber wa ku Germany anaonetsa mu 1909 kuti naitirojeni ndi haidirojeni zingaphatikizidwe kukhala amoniya, mpweya umene amapangira feteleza, ndipo Carl Bosch wa kampani ya BASF anasandutsa zimenezo kukhala fakitale, imene inayamba kugwira ntchito ku Oppau mu 1913. Vuto limene analimbana nalo ndi losangalatsa kwa ine kuposa china chilichonse m'mutu uno. Kupanga amoniya kumatulutsa kutentha, ndipo chifukwa cha chimenecho amoniya amachuluka zinthu zikakhala zozizirirapo. Koma kukazizira palibe chimene chimayenda, mukhoza kudikira moyo wanu wonse. Mukatenthetsa kwambiri zimafulumira, koma amoniya uja amayambanso kuphwasuka, n'kutsala wochepa. Anagwirizanitsa ziwirizi pakati: madigiri 400 mpaka 500, mpweya wopanikizidwa kuposa wa masiku onse maulendo 150 kapena kupitirira, ndi catalyst ya chitsulo imene Alwin Mittasch anaipeza atayesa zinthu masauzande. Ngakhale zili choncho, mpweya ukadutsa kamodzi gawo lochepa lokha ndilo limasanduka amoniya, wotsalawo amauzunguliza mobwerezabwereza.

Tsono naitirojeni ndi waulere, koma haidirojeni amachokera ku gasi wa pansi pa nthaka, ndipo gasi yemweyo ndiye amatenthetsa ndi kuyendetsa makina. Mtengo wa gasi ukakwera, monga zinachitikira mu 2021 ndi 2022, nkhondo ya Russia ndi Ukraine n'kuwonjezera, wa feteleza umakwera nawo. Onjezani sitima ya pamadzi, malole ochokera ku Beira kapena Nacala, ndi kugwa kwa kwacha, mupeza mtengo umene ukukuliritsaniwo.

Za Beirut: chimene chinaphulika pa 4 August 2020 ndi ammonium nitrate, matani pafupifupi 2,750 amene anakhala zaka m'nyumba yosungiramo katundu padoko, moto utabuka pafupi, ndipo anthu opitirira 200 anafa. Mankhwala amenewa ali ndi okosijeni wakewake m'kati, choncho akatenthedwa kwambiri pamalo otsekeka safuna mpweya wakunja. Urea si ammonium nitrate ndipo saphulika motero. CAN ali ndi ammonium nitrate, koma wosakaniza ndi laimu amene amamufatsitsa. Matumba anu ochepawo sakuopsezani, bola akhale kutali ndi moto, palafini ndi dizilo, pamalo ouma, osakhudza pansi. Ndikanakonda asakhale m'chipinda chogona ana.

Chimene chikukuberani ndalama si kuphulika, ndi kuthira kolakwika. M'nthaka muli enzyme yotchedwa urease imene imaphwanya urea mofulumira, ndipo kukatentha imafulumira kwambiri. Urea akakhala pamtunda, gawo la naitirojeni wake limabwerera kumwamba ngati amoniya m'masiku ochepa, ndipo nthawi zina fungo lake mumalimva mukawerama. Thumba la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a naitirojeni, ndipo onsewo munalipira. Dikirani nthaka ikhale ndi chinyezi, bowolani ndi kamtengo chapatali pang'ono ndi phando, thirani m'dzenjemo, mukwirire ndi phazi musanapite pa phando lina.